Galimoto ya malume sinalodzedwe

Fizi yanga ya semesita yatha inachedwa milungu itatu chifukwa cha waya mmodzi wosatalika kuposa dzanja langa. Sindikukokomeza. Malume anga amayendetsa takisi pakati pa Limbe ndi Bangwe, ndipo chimwalirireni bambo, galimoto imeneyo ndi imene imandiphunzitsa. Ikadwala, inenso ku Zomba kuno ndimadwala nayo: chakudya chimasanduka cha kamodzi patsiku, bandulo ya intaneti imakhala ya usiku yokha, ndipo foni ya mwini nyumba ndimaiyang'ana ikulira mpaka itasiya yokha.

Kwathu galimotoyo timaitcha Gogo. Ndi imodzi mwa zija za mipando 7 zochokera ku Japan, za zitseko zokoka, ndipo ndi yachikulire ndithu: inapangidwa ine ndisanayambe sitandade 1. M'mawa uliwonse malume akangotembenuza kiyi, mumamveka mawu a mzimayi akulankhula Chijapanizi mwaulemu kwambiri. Palibe m'banja mwathu amene ankadziwa zimene mayiyo amanena. Malume anangozolowera kuyankha kuti, "Ndadzuka bwino mayi, kaya inu," kenako n'kuika giya.

Matenda a Gogo anayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina yakana kulira m'mawa, aikankha anyamata a pa siteji osaphula kanthu, mpaka abwereke batire kwa mnzawo. Tsiku lina yalira bwinobwino koma nyali zikuoneka ngati koloboyi. Mvula ikamagwa mawaipa ankayenda ngati atopa, hutala n'kumalira ngati mbuzi yachimfine, tinyali ta pa dashibodi n'kumayaka tokha. Chodabwitsa n'chakuti ikagunda dzenje, nthawi zina zonse zinkabwerera m'chimake. Makanika woyamba anati ndi batire, malume anagula batire yatsopano. Patatha milungu iwiri wina anati ndi alitaneta, anakagula yogwirapo kale ntchito ku Ndirande. Wachitatu anagwedeza mutu n'kunena mawu amene mwini galimoto aliyense amawaopa: "Bwana, apa ndi kompyuta." Apa n'kuti azakhali anga atayamba kale kunong'ona kuti galimoto singamadwale matenda osagwirika chonchi popanda dzanja la munthu, ndipo dzina la mnansi wina linali litayamba kutchulidwa.

Amene anaichiritsa ndi bambo ena achikulire a ku Ndirande komweko, amene sanathamangire sipanala. Anatulutsa kamakina koyezera magetsi kotchedwa multimeter, anayeza pa batire, anayeza pa injini, anayeza pa chitsulo cha galimoto, kenako anaitana malume. "Taonani apa, achimwene." Waya wa earth, uja amachoka ku batire kukagwira chitsulo cha galimoto, anali atadyeka ndi dzimbiri pamene amamangidwa ndi bawuti. Magetsi a galimoto amayenda mozungulira: amachoka ku batire, amakagwira ntchito ku nyali kapena ku sitata, kenako amabwerera kudzera m'chitsulo cha galimotoyo. Njira yobwererayo ikatsekeka, chilichonse chimachita misala nthawi imodzi, ndipo batire yabwinobwino imaoneka ngati yakufa. Bambowo anafunsa ngati galimotoyo inalowapo m'madzi. Malume anakumbuka Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy, pamene Gogo inagona masiku angapo m'matope. Kupala dzimbiri ndi kusintha wayayo kunatenga nthawi yochepa kuposa imene ine ndimatenga kulemba ndime yoyamba ya asainimenti. Koma ndalama ya fizi inali itapita kale ku batire ndi alitaneta zomwe sizinalakwe kanthu.

Nkhani ngati iyi mukaima pa siteji ya Limbe, ya Machinjiri kapena ya Chilomoni muimva kangapo dzuwa lisanalowe. Eni magalimoto amadandaula, ndipo madandaulo awo amagwera mbali ziwiri. Ena amati magalimoto a makompyutawa ndi achabechabe, bola akale aja unkangokonza ndi waya ndi pulayala. Ena amati amakanika onse ndi mbava. Ine ndikuti onse awiri akuphonya. Galimotoyo ilibe mlandu waukulu, makanikayonso nthawi zambiri sakuba, akungolota. Vuto n'lakuti magalimotowa amafika kuno opanda mbiri yawo, opanda buku limene tingawerenge, ndipo akayamba kuvuta, dandaulo la mwini wake lilibe khomo loti likagogode.

Tiyambe ndi zaka. Tengani Toyota Sienta, imene dzina lake lasanduka dzina la ntchito yonse ya takisi m'Malawi muno. Mtundu wake woyamba unayamba kupangidwa mu 2003 ndipo unalowedwa m'malo ndi wachiwiri mu 2015. Ndiye kuti ngakhale yaing'ono kwambiri mwa zakalezo yadutsa kale zaka 10, zina zapitirira 20. Injini ya galimoto yosamalidwa imatha kupirira zaka zoterozo, n'chifukwa chake timaitama. Koma pulasitiki wokuta mawaya amauma n'kuyamba kusweka, timapulagi timalowa fumbi ndi chinyezi, zitsulo zogwirana zimachita dzimbiri. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala ndi mabampu a misewu ya m'makwalala athu. Komanso galimoto imeneyi anaipangira banja: bambo, mayi, ana, ulendo wa kusukulu ndi kusitolo. Chitseko chake chokoka chinkatsegulidwa kangapo patsiku. Kuno chimatsegulidwa pa siteji iliyonse kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku, ndipo mawaya odutsa pamenepo amapindika ulendo uliwonse. Waya ndi ngati lamba wa patapata: ukamupindapinda malo amodzi, adzaduka basi.

Si zangozi kuti magalimotowa amathera kuno. Ku Japan kuli kuyeza galimoto kotchedwa shaken, kumene kumachitika galimoto ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kumadya ndalama zambiri moti ambiri amaona kuti bola kugulitsa yakaleyo. Lipoti la bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, la mu 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 magalimoto ang'onoang'ono ogwirapo kale ntchito okwana 14 miliyoni anatumizidwa kunja kuchokera ku Ulaya, America ndi Japan, ndipo 40 pa 100 alionse anabwera ku Africa. Athu ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa kudutsa pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, mpaka kufika ku Blantyre atayenda kale ulendo umene mwina sanauyendepo moyo wawo wonse.

Tsono ikafika, ifenso timayamba kuichita zathu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhale oona mtima. Wailesi ya m'galimoto zakale za ku Japan imagwira kuyambira 76 kulekeza 90 FM. Mawailesi athu ambiri ali pamwamba pa 90, monga Capital FM imene ili pa 102.5. Choncho sabata yoyamba yomwe, wina amatsegula dashibodi n'kulumikiza kabokosi kowonjezera mafunde. Kenako alamu. Kenako masipika a kumbuyo, chifukwa takisi yopanda nyimbo ndi maliro. Kenako tinyali ta buluu pansi, ndi potchajira mafoni a okwera. Chilichonse mwa izi chimafuna magetsi, ndipo kawirikawiri amachita kusenda waya amene wapezeka pafupi, kupotokola, kukulunga selotepi. Pakatha chaka selotepiyo wamatuka ndi kutentha, waya wosavala akukhudza chitsulo, ndipo mwini wake akutukwana anthu a ku Japan.

Fyuzi ndiye timaizunza koposa. Ntchito ya fyuzi ndi kufa m'malo mwa galimoto: magetsi akachuluka mosayenera, kachitsulo kake kamasungunuka kuti mawaya asapse. Fyuzi ikamapsa kawirikawiri ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Ife timaiona ngati yamwano, timaika yaikulu kuposa yoyenera, kapena kulumikiza ndi kawaya, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Galimoto imayendadi. Koma tsiku limene vutolo lidzakula, chidzasungunuke si fyuzi, ndi mtolo wonse wa mawaya pansi pa dashibodi, m'galimoto yodzaza anthu ndi katundu, imene chitseko chake chimatseguka mochita kumenya. Palinso chizolowezi chochotsa teminolo ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja. Pa magalimoto a makolo athu zinkatheka. Pa galimoto ya kompyuta, magetsi amatha kudumpha n'kuotcha kompyutayo, pamene multimeter ikanayankha funso lomwelo mosaononga kanthu: batire yabwino imaonetsa mavoliti 12 ndi pang'ono injini itazima, ndi pafupifupi 14 ikamalira. Nanga kutsukitsa injini ndi madzi a mphamvu pa kawashi? Nanga kanyali kachikasu ka injini kaja, kamene ndaonapo madalaivala atakamata ndi chithunzi cha timu yawo ya mpira kuti kasawasowetse mtendere?

Ndikudziwa kuti zikumveka ngati ndikuloza chala amakanika. Ayi. Ambiri mwa amisiri a pansi pa mtengo anaphunzira ntchito poonerera, kuyambira ali anyamata otumidwa sipanala, ndipo luso lawo ndi limene likuyendetsa mzinda uno. Munthu amene amatha kumva ndi khutu kuti vuto lili pati m'injini si mbuli. Koma magetsi samveka ndi khutu, saoneka ndi maso. Amafuna choyezera ndi chithunzi cha kayendedwe ka mawaya a galimoto imeneyo. Popanda zimenezi, njira yokhayo ndi kusintha chinthu chimodzichimodzi mpaka vuto litasiya, ndipo wolipira maloto amenewo ndi mwini galimoto. Ngakhale amene ali ndi makina olumikiza pansi pa chiwongolero aja amakuuzani kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhulana ndi makina otsika mtengo, ndipo akalankhula amangopereka nambala ya vuto, osati dzina la waya woduka.

Tsopano nayi mbali imene imandipweteka kwambiri. Mu Okutobala 2012 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto oposa 7 miliyoni padziko lonse, kuphatikizapo Vitz, Corolla ndi RAV4 za zaka zina, chifukwa cha switchi yotsegulira mawindo ya mbali ya dalaivala imene inkatha kutentha mpaka kutulutsa utsi. Kukonza kwake kunali kwaulere. Makampani ambiri opanga magalimoto anaitanitsanso magalimoto mamiliyoni chifukwa cha ma airbag a kampani ya Takata, amene ankatha kuphulika n'kumwaza tizitsulo, mpaka kampaniyo inagwa mu 2017. Umu ndi mmene zimayendera kumene dandaulo lili ndi khomo: eni magalimoto akadandaula, madandaulo amasonkhanitsidwa, boma limafunsa, kampani imalemba kalata kwa mwini aliyense. Koma kalatayo imapita kwa amene dzina lake lili m'kaundula wa dzikolo. Galimoto ikafufutidwa m'kaundula n'kukwera sitima, kalata siitsatira ku Zingwangwa. Mwini watsopano sadziwa ngati yake inali m'gulu loitanidwa, kapena ngati mwini woyamba anapita nayo kukakonzetsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti nambala ya chasisi ikhoza kufufuzidwa pa tsamba la intaneti la kampani yopanga, kwaulere. Koma buku la galimoto lili m'Chijapanizi, monganso pepala la ku okushoni limene limalemba zilema zimene oyeza anaziona galimoto isanagulitsidwe. Ogula ambiri kuno pepala limenelo salionako n'komwe.

Kuno kwathu malamulo alipo. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, tili ndi Competition and Fair Trading Commission, tili ndi bungwe la CAMA limene limalankhulira ogula. Koma mukapita kukadandaula mutenga chiyani m'manja? Malume alibe lisiti ya alitaneta ija. Alibe pepala losonyeza amene anagwira galimoto, tsiku liti, anasintha chiyani. Malonda onse a sipeya ndi kukonza amayenda pakamwa, ndipo pakamwa pamathera pa "Bwana, inali bwinobwino pochoka pano." Nayo COF ya ku Road Traffic imaona zimene zimaoneka tsiku limenelo: mabuleki, nyali, matayala. Nyali ikayaka, yayaka. Zoti yayakira waya wokulungidwa selotepi zili kuseri kwa pulasitiki.

Tinakambirana nkhaniyi pa khonde la hositelo, ndipo mnzanga wina wa zachuma anali ndi yankho lachangu. "Aise, n'zosavuta. Tingoletsa zakalezi ngati ku Kenya." N'zoona kuti Kenya salola kulowetsa galimoto yopitirira zaka 8, ndipo sindikana kuti maganizowa ali ndi mutu. Magalimoto ena amene akunyamula anthu m'Blantyre muno sayenera kukhala pamsewu, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti tsiku lina Gogo idzalowa m'gulu limenelo. Moyo wa mayi wopita ku Queens ndi mwana kumbuyo ndi wofunika kuposa fizi yanga. Koma taonani thumba la Mmalawi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo galimoto timagula ndi madola. Msonkho wa MRA umakwera kale galimoto ikakhala yakale, koma anthu akugulabe zakalezo, chifukwa ndi zokhazo zimene angafikire. Mukaletsa lero, malume sagula galimoto ya zaka 5. Adzapitiriza kuyendetsa Gogo mpaka idzathere pamsewu, ndipo amene ankakwera takisi adzakwera kabaza wa njinga yamoto, wopanda chipewa, mvula ikugwa. Komanso galimoto ya zaka 8 ili ndi makompyuta ochuluka kuposa ya zaka 18. Mukaibweretsa kwa msiri yemweyo wopanda choyezera, kwa mwini yemweyo womata kanyali, mwangosuntha tsiku la maliro.

Chimene ndikanakonda kuona n'chotsika mtengo kuposa chiletso. Tili ndi TEVETA, tili ndi Soche Technical College pafupi pomwepa ku Limbe, tili ndi MUBAS imene imaphunzitsa mainjiniya pa Chichiri. Maphunziro aafupi a madzulo kapena a Loweruka, a amisiri amene ali kale pantchito, ophunzitsidwa m'Chichewa, okhudza kuyeza magetsi ndi kuwerenga chithunzi cha mawaya, angapulumutse mabatire ndi maalitaneta osalakwa ochuluka. Osati kumuuza bambo wa zaka 50 kuti abweretse satifiketi ya MSCE kaye. Ndipo ogulitsa magalimoto akakamizidwe kupereka pepala la ku okushoni pamodzi ndi kiyi, lomasuliridwa.

Mawu oti lomasuliridwawo akutikhudza ife. Ife a maphunziro a zilankhulo, mbiri ndi filosofi timakonda kudandaula kuti dziko silitiona phindu, ndipo anzathu a sayansi amatiseka kuti tikuphunzira ulova. Timalemba mapepala ataliatali, m'Chingerezi, onena za kufunika kwa zilankhulo zathu. Koma ine sindinaonepo m'takisi iliyonse kapepala kamodzi ka Chichewa kofotokoza tanthauzo la tinyali ta pa dashibodi: kofiira ka batire kakutanthauza kuti alitaneta sikutchaja, osati kuti mugule batire, kofiira ka oyilo kakuti imani pomwepo, kachikasu ka injini kakuti kayezetseni. Anthu odzipereka a ku Japan akhala akubwera m'dziko muno kuyambira 1971, ndipo lero foni iliyonse ya kamera imatha kumasulira zolembedwa. Chimene chikusowa ndi munthu wokhala pansi ndi msiri wodziwa, kumva zimene akunena, n'kuzilemba m'mawu amene dalaivala wa ku Makhetha angawerenge akudikira okwera. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wa chilankhulo. Ndiponso tisadzinamize: ambiri a ife amene mwayi udzatigwere, galimoto yathu yoyamba sidzachokera m'shoo ya galasi. Idzakhala Vitz, Passo kapena Demio ya zaka 15, yogulidwa ndi ngongole, ndipo idzatilankhula Chijapanizi m'mawa.

Ine ndayambira pafupi. Holide yathayi ndinagula kope la masamba 40 n'kuliika m'kabati ya kutsogolo kwa Gogo. Aliyense wogwira galimotoyo alembe tsiku, chimene wasintha ndi mtengo wake. Malume poyamba anaseka. "Mphwanga, iwe sukulu yakulowa m'mutu. Makanika ndi wolemba?" Koma masamba atatu adzaza kale, ena ndi dzanja lawo, ena ndi zala zamafuta za amisiri, ndipo mwezi watha pamene wina anati asinthe makoyilo, malume anatsegula kope n'kumuonetsa kuti awiri anasinthidwa mu Juni.

Tsiku lomwelo ndinajambula mawu a mayi uja ndi foni n'kuwamasulira. Sapereka moni. Amachokera m'kabokosi kakang'ono pansi pa chiwongolero, ka ETC, kolipirira misewu ikuluikulu ya ku Japan, ndipo m'mawa uliwonse amadandaula kuti khadi yolipirira sinalowetsedwe. Nditawauza malume anakhala chete pang'ono, dzanja lili pa giya.

"Ndiye zaka zonsezi mayiwa amandifunsa khadi?"

"Eya, malume."

"Uwauze kuti kuno timalipira pa Chingeni, ndiponso ine sindifikako."

Kabokosiko sanalole kuti tikachotse, ngakhale bambo a ku Ndirande aja ananena kuti n'kopanda ntchito. Lachiwiri lapitali anandiimbira foni kuti kanyali kachikasu kayakanso pokwera chitunda cha ku Namiyango, ndipo anafunsa ngati fizi ya semesita ino ingadikire mpaka pa 15.